Latifu Abweranso Kukada

Amuna anga, a Yahaya, anali siginala wodziwika ku Ngala konse. Siginala ndi uja amakhala yekha m'bwato ndi nyali kuitana usipa, ukasonkhana n'kugogoda bwato katatu ndi nkhafi kuti anzake aponye ukonde wa chilimira. Anandifunsira akununkha parafini, ndipo ndisaname, fungo limenelo ndinalikonda.

Chaka chatha anawapeza ndi khansa ya m'magazi. Adokotala anandiuza kuti kashiamu akuchoka m'mafupa n'kudzaza m'magazi, n'chifukwa chake ludzu silitha ndipo mutu umasokonekera. Anati ndiziwamwetsa madzi pafupipafupi. Munthu wokulira pamadzi, lero ndimamumwetsa ndi sipuni. Kuyenda anasiya mu Juni.

Pafupifupi masabata awiri apitawo, madzulo ena, ndinawapukuta m'thupi, ndinaswali, n'kukhoma chitseko. Kunja mwezi unali mbee. Pakati pa usiku ndinamva kugogoda. Go, go, go. Sikunali pachitseko ayi. Kunali kuseri kwa nyumba, komwe tinavundikira bwato lawo lakale.

A Yahaya, amene masiku onsewo ankandiitana dzina la malemu mayi awo, anatsegula maso.

"Mayi a Hawa, ameneyo ndi Latifu. Amagogoda mothamanga choncho, mpaka lero sanaphunzire."

Latifu anali mng'ono wawo. Mphepo ya mwera inamutenga panyanja zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, ndipo mtembo sitinauone.

Ndinawagwira dzanja zolimba. Ndinalumbira kuti sindigona, koma tulo sitipempha chilolezo. Ndinadzidzimuka ndi azana wa m'mawa, kumzikiti akuitanira swala. Chitseko chinali chokhoma, kiyi ali pamfundo ya chitenje changa. Eni ake ali pabedi pomwepo, akumwetulira. Koma mapazi awo anali onyowa, mchenga uli pakati pa zala. Bulangete lonse linkanunkha parafini, chonsecho m'nyumba muno timayatsa sola.

Namwino anati ndi matendawo, odwala otere amabwebweta. Aneba akunong'onezana kuti nyanja siiwala antchito ake.

Ine ndinawafunsa eni akewo kuti anapita kuti. Anamwa madzi, n'kundisisita tsaya monga ankachitira tisanabereke Hawa.

"Ndamuuza adikire. Usipa sugwidwa mwezi ukuwala. Abweranso kukada."

Ndikuopa, ndipo sindinakonzeke kutsala ndekha. Ndikadzuka m'bandakucha kukaswali, ndimayamba ndayang'ana mweziwo. Lero unali ngati chikhadabo.