Ubongo wa Galimoto ya Aphunzitsi

"Galimoto ndi munthu, alamu. Ili ndi mtima, ili ndi matumbo, ilinso ndi ubongo."

Mawuwo muziwatulutsira m'mphuno. Kenako mimba patsogolo, manja kumbuyo, muziyenda chotang'adza ngati muli ndi chithupsa pamalo osatchulika. Mukatero mwasanduka a Injiniya, eni ake a galaja yomwe ndimagwirako ntchito. Anakwatira mlongo wanga. Akakondwa ndine alamu. Akakwiya ndine iwe. Sukulu ya uinjiniya sanaipondeko. Dzinalo anadzipatsa okha tsiku lomwe anagula makina oyezera matenda a galimoto.

Lolemba madzulo kunabwera galimoto yofiira, yochita kukokedwa. Inali ya mayi ena aphunzitsi, munthu waulemu wake, amene amanyamuliramo ana awo awiri m'mawa uliwonse. Ukapotokola kiyi sitata imalira bwinobwino, koma injini osadzuka. Batire inali yamoyo. Mafyuzi onse abwino. Koma pampu ya petulo inali zii, mapulagi opanda moto.

A Injiniya anabwera chotang'adza, kulumikiza makina awo kunsi kwa chiwongolero, kutsokomola kawiri.

"Ubongo sukuyankha, mayi."

Ubongo ndi kabokosi ka kompyuta kamene kamalamula injini. M'galimoto imeneyi kamakhala pansi pa kapeti, kumapazi kwa wokwera kutsogolo. Titavundukula tinapeza madzi a mvula odontha pagalasi atadzaza pamenepo. Timano ta bokosilo tinali titabiriwira ngati mano a munthu wodana ndi mswachi.

"Tikuikirani watsopano, wa m'katoni," anatero a Injiniya. "Mudzaitenge Lachinayi m'mawa."

Lachiwiri anabwera ndi bokosi lokulunga m'nyuzipepala. Manambala ake anali ofanana ndi a lakale lija. Koma linkanunkhira sopo.

"Katoni yake ili kuti, alamu?"

"Iwe, umanga katoni kapena bokosi?"

M'mabowo a masikuluu munali zinthu zoderako, zouma. Ndinakanda ndi chikhadabo.

"Dzimbiri limenelo," anatero osayang'ana n'komwe.

Chitsulo cha mabokosi amenewa sichichita dzimbiri. Ngakhale makaniko wa dzulo amadziwa. Koma pakamwa panga ndi pamene ndimadyera, ndiye ndinapatseka. Ndinamanga bokosilo. Iwo analikwatitsa ndi kiyi, ndiko kunena kuti analiphunzitsa kuzindikira kiyi wa galimotoyo. Kupotokola kamodzi, injini inadzuka. A Injiniya anaizungulira katatu ngati tambala.

Ine ndimagona m'kachipinda kuseri kwa galajayo, ndipo makiyi onse a magalimoto ndimasunga ndine. Lachitatu m'mawa nditatsegula chitseko cha galimoto ija, fungo linandimenya mbama. Abale, ndanunkhizapo zinthu pa moyo wanga. Ndanunkhizapo masokosi a a Injiniya. Koma ili linali la nyama yoiwalika m'firiji magetsi atazima sabata yathunthu. Ntchentche zobiriwira zinali zitafola pagalasi ngati zikudikira malipiro. Ndinafunafuna khoswe wakufa paliponse. Kunalibe.

Boneti inali yofunda. Petulo anali atatsika. Mpando wa dalaivala unali utabwerera mpaka kumapeto, pomwe aphunzitsiwo ndi afupi ngati botolo la mankhwala.

A Injiniya anafika, ananunkhiza, nkhope inasintha. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe, ukumanyamuliramo chiyani usiku?"

"Ine sindinaigwire, alamu."

"Zikachitikanso mawa, unyamule chikwama chako. Mlongo wako ndikamuuza ndekha kuti ndiwe wakuba."

Ntchito ndi pogona, zonse pakamodzi. Ndinati lero ndimugwira amene akundiipitsira dzinayu. Kutada ndinamasula waya wa batire n'kumupachika pambali. Kiyi ndinamumanga pachingwe m'khosi mwanga. Ndinakhoma geti, n'kukhala pa tayala lakale, tochi kumanja, sipanala yaikulu kumanzere.

Mpaka pakati pa usiku kunalibe kanthu, udzudzu basi.

Choyamba kubwera linali fungo. Linayenda pansi ngati madzi, kukwera m'miyendo, kulowa m'kamwa. Ndinalimva kukoma kwake palilime. Ndinalavula, osachoka.

Kenako pampu ya petulo inalira, ziii.

Timagetsi ta kutsogolo kwa dalaivala tinayaka. Ndinawalitsa tochi pa batire. Waya uja ali lende pomwe ndinamusiya. Ndinagwira pachifuwa. Kiyi alipo.

Mpando unabwerera m'mbuyo, khwee, n'kutsika pang'ono ngati pakhala munthu wolemera.

Injini inadzuka.

Matayala sanasunthe. Ndinasendera pafupi n'kusuzumira pawindo. Pampando panalibe munthu. Koma muvi wa liwiro unali kukwera. Sikisite. Handiredi. Handiredi fote. Chiwongolero chinayamba kupotoka chokha, uku ndi uku. Chopondera mabuleki chinatsika, gu, gu, gu, ngati wina akuchiponda ndi mphamvu zake zonse.

Kenako zonse zinazima. Bata.

Ndinamva kugogoda.

Go. Go. Go.

Sikunali pachitseko ayi. Kunali pansi, mkati, kumapazi kuja kumene ndinamanga bokosi. Kugogoda kofooka, kwa munthu wotopa. Kumasiya, kumayambanso. Kunsi kwa chitseko kunayamba kudontha zinthu zakuda, zonanda. Oilo ndimamudziwa, ndakulira momwemo. Ameneyu sanali oilo. Dontho limodzi linagwera pachala changa chakuphazi. Linali lofunda.

Ndinasanza mpaka chakudya cha chaka chatha. Ndinathawira m'chimbudzi cha pagalaja n'kudzikhomera. Chimbudzi chimenecho anthu amalowamo atagwira mphuno, koma usiku umenewo chinkandinunkhira ngati maluwa. Ndinakhala momwemo, kugogoda kuja ndikukumva, mpaka kunja kunayamba kuyera.

Pamenepo ndinamva geti likutseguka. Kenako kulira kwa sipanala. Kenako munthu akubuula.

Ndinatuluka mwakachetechete. Pachitseko cha galimoto ija panatulukira miyendo iwiri yotang'adza. A Injiniya, munthu amene safika pantchito dzuwa lisanatenthe, anali chogona m'galimotomo, atavala kabudula wogonera ndi nsapato imodzi. Pambali pawo ndowa, sopo ndi chisanza. Zakuda zija zinali zitawafika m'zigongono. Ntchentche zinkawatera pamilomo.

"Alamu," anatero. Mawu a m'mphuno aja anali atathawa. "Alamu anga, ndikokeni."

"Lero ndine alamu?"

"Dzanja lakanirira pansi pa bokosi. Chinachake chandigwira."

"Mwadzatani m'mamawa muno?"

"Yakhala ikuliza hutala pakhomo panga usiku wonse. Dzulonso chimodzimodzi. Ndikasuzumira, ili pageti, magetsi ali ngwee."

"Galimotoyi sinatuluke muno. Ndinali pompano ine."

"Ndikokeni, alamu."

Ndinagwira mwendo n'kukoka. Nsapato yokha ndi imene inabwera. 

Ndi mmene anatipezera aphunzitsi. Anali atabwera molawirira kuti apite ndi galimoto kusukulu, ana awiri aja ali pambuyo ndi zikwama zawo. Anaima patali, mpango pamphuno. Anawabweza anawo kugeti, iwo n'kusendera.

"Bambo, mwaika chiyani m'galimoto mwanga?"



"Wa m'katoni, mayi," ndinatero ine, motulutsira m'mphuno.

Pansi paja panagogodanso. Go. Go. Tonse atatu tinamva. A Injiniya anakuwa ngati dzanjalo lafinyidwa.

"Ndimanyamuliramo ana anga mmenemo," anatero aphunzitsi, mawu ali pansipansi. "Ndiuzeni."

"Si watsopano, mayi," anatero a Injiniya.

"Munautenga kuti?"

"Lolemba usiku anthu ena anandiitana kuti ndikakoke galimoto yomwe inagubuduka pakona. Yofanana ndi yanuyi. Ndinafika ndekha, apolisi asanabwere. Ndinati bokosi lokhalo, ndani angadziwe."

"Dalaivala wake anali kuti?"



"Anali momwemo. Bambo wamtali. Anagwera mbali ya bokosiyo. Ndinangomusuntha mwendo kuti sipanala ilowe."

Aphunzitsi anachotsa mpango pamphuno. Anawayang'ana ngati mmene umayang'anira chinthu chomwe waponda ndi phazi lopanda nsapato.

"Anali atamwalira?"

A Injiniya anatembenuzira nkhope ku kapeti yonyowayo.

"Ayi, mayi. Anali akugogoda."