Suti Yobwezedwa Katatu

Inali 8 koloko m'mawa, kunja kukuwaza kamvula kosanyowetsa munthu koma kodetsa nsapato. Telala wachitsikana anakhala kutsogolo kwa makina ake osokera atagwira tsaya. Makinawo ankadumpha msoko, ulusi n'kumangoduka, pomwe madiresi asanu ndi limodzi ankafunika Lachisanu.

"Usalire, ndaitana munthu," anatero achemwali ake, omwe ankasoka nawo m'kashopu komweko. "Amamutcha Kamphindi. Umva wekha chifukwa chake."

Posakhalitsa pakhomo panaima mnyamata wamapewa aakulu, chikwama cha zida chili kumsana, ambulera yothyoka nthiti ili m'manja.

"Odi kuno! Wodwala ali kuti?"

"Ndi uyu. Wayamba dzulo kukana ntchito."

"Kamphindi chabe."

Sanafulumire kumasula kanthu. Anakhala pampando, anatsinzina, n'kuyamba kupalasa makinawo pang'onopang'ono, khutu lili pafupi ndi bobini ya ulusi wapansi ngati dokotala womvera mtima. Mtsikanayo anali asanaonepo munthu akumvetsera chitsulo mwaulemu chotero.

"Si matenda aakulu," anatero Kamphindi. "Singano ndi bobini zikungophonyana, ngati anthu awiri oti wina akamalowa mnzake akutuluka. Zikungofuna wozikumanitsa."

"Kodi anthu otere mumawakonzanso?" anafunsa achemwali aja, diso lili kwa mng'ono wawo.

"Akalola, mayi, timayesa."

Anamasula kasikuluwu kamodzi, anasuntha pang'ono, n'kumanganso. Msoko unatuluka wowongoka bwino. Madzulo a tsikulo foni ya mtsikanayo inalira.

"Kasingano, wodwala uja waswera bwanji? Ndikufunsa za makina, koma ukayankha za iwe sindidandaula."

Anawerenga uthengawo kanayi. Dzina la Kasingano linamukakamira kuyambira pomwepo.

Ndani akanamudzudzula? Mumsewu wonse munalibe munthu wosadalira manja a Kamphindi. Anakonza fani ya wometa tsitsi, sikelo ya wogulitsa nyama, ngakhale njinga ya olumala ya bambo wina wokalamba, osadikira kupemphedwa. Masana ankabwera kushopu ndi buledi, n'kukhala pamulu wa nsalu.

"Duwa langa, ukamasoka umaluma mlomo. Ukudziwa?"

"Choka apa, undisokoneza."

"Ndichoke ndipite kuti? Mtima ndinausiya m'kabati yako ya mabatani."

Patatha chaka anamuveka mphete pomwepo, pakati pa zidutswa za nsalu, achemwali akuombera m'manja ndi sizasi kumanja.

"Kasingano wanga, sindidzakunamiza. Ngakhale kamphindi."

"Ndiye suti ya ukwati ndisoka ndekha. Imirira bwino, mikono m'mwamba."

Anamuzunguliza tepi. Chiuno chinali mainchesi 34. Analemba ndi choko pakhoma, kuseri kwa makina, pomwe ankalemba miyezo ya anthu ofunika.

Mwezi womwewo Kamphindi anapeza ntchito kufakitale yosoka zovala, komwe kunali makina oposa zana ndipo amisiri anali awiri okha. Anayamba kuoneka wamphamvu zodabwitsa. Ankalankhula mofulumira, maso akuwala, mapulani ali mbwee: nyumba ya zipinda zinayi, shopu yaikulu, makina amagetsi khumi. M'mawa uliwonse Kasingano ankapeza mauthenga makumi atatu akumudikira.

"Sindinagone, ndimakuganiza. Ndakonza makina 19 ndekha! Zonsezi n'zako, mfumukazi."

Mtsikanayo ankaonetsa achemwali ake monyadira. Mwamuna wolimbikira chotere amapezeka kuti masiku ano?

Tsiku loyesa suti, thalauza inatsetsereka m'chiuno. Kasingano anachita manyazi. Zaka zisanu ndi ziwiri akusoka, lero n'kulakwitsa muyezo wa mwamuna wake yemwe? Anayezanso. 32.

"Ndine ndinalakwitsa," anatero, n'kufufuta 34 uja ndi chala.

"Chikondi chikumudya ameneyu," anaseka achemwali. "Alamu, muzidyako, tingadzakwatitse ndodo ya tsache."

Onse anaseka, ndipo thalauza inabwezedwa koyamba.

Kachiwiri panalibe woseka. Tepi inati 30. Jekete inkalendewera m'mapewa ngati yobwereka. Pomuyeza mkono, Kasingano anaona tizilonda tambirimbiri, tina tatsopano, tina tokhala ndi nkhanambo.

"Ichi n'chiyani?"

"Tizilombo. Timayenda pansi pa khungu. Kufakitale kuli fumbi la nsalu."

Ankakukuta mano polankhula, ndipo dzino limodzi lakumbali linali litabenthuka. Buledi uja ankabwera nayebe, koma iye osalawa. Kenako anasowa masiku atatu, foni yozima. Atatulukira anati anangogona, ndipo anali wokwiya ngati munthu wina.

"Ndani uja unkamugwira m'chiuno Lolemba?"

"Kasitomala. Ndimamuyeza thalauza. Ndi ntchito yanga imeneyi."

"Ndikudziwa zonse. Anthu akundiuza."

"Anthu ake ati?"

Anatembenuka n'kutuluka. Patatha ola uthenga unalowa: "Pepa, mtima wanga. Ndi kutopa chabe. Popanda iwe ndine chitsulo chadzimbiri."

Kachitatu tepi inati 28. Kasingano anayang'ana manambala pakhoma paja. Telala akhoza kulakwitsa kamodzi, koma katatu, ndiponso kulowera mbali imodzi? Anabweza thalauzayo mwakachetechete. Atamaliza anamugwira dzanja.

"Wokondedwa, tiye kuchipatala tonse awiri tikayezetse. Kaya apeza chiyani, sindikusiya. Anthu amamwa mankhwala n'kukalamba bwinobwino."

Ankaganiza kuti ndi matenda, ndipo anali atakonzeka kuwasenza. Kamphindi anamuyang'ana, maso akulengeza misozi, koma anangoti, "Mawa." Mawa lakelo silinafike.

Lolemba lina masana, dzuwa likuswa mtengo, Kasingano ndi achemwali ake anapita kukagula mabatani ndi zipi. Kiyi anamusiyira Kamphindi, amene anati akufuna kupuma pamthunzi. Pobwerera anapeza chitseko chotseka, makatani okoka.

Mkati, makina a Kasingano munalibe. Panali zidutswa zokha, zoyalidwa pansi m'mizere, kuyambira chachikulu mpaka kasipuling'i kochepa ngati nsidze. Kamphindi anali atagwada pakati pake, thukuta lili kamukamu.

"Mayo ine! Makina anga!"

"Shhh! Tsitsa mawu. Aikamo kawaya. Akumva zonse timalankhula."

"Ndani?"

"Akudziwana okha. Ndimamva mawu awo ukamapalasa. Ndikapeza, usadandaule."

Chikwama chake cha zida chinali chitakhuthulidwa pambali. Pakati pa masipanala panali kapaipi kagalasi kakuda kunsonga ndi moto, ndi kapulasitiki kokhala ndi timiyala toyera ngati galasi losweka. Achemwali anatola kapulasitikiko, nkhope yawo n'kugwa.

"Alamu, mpaka mankhwala ozunguza bongo a methi? Ichi chinapha mwana wa mnzanga, ndikuchidziwa. Anyamata amati ayisi."

Kamphindi anafuna kulanda, koma achemwali anabweza dzanja. Anakhala pansi.

Kasingano sanakuwe. Anakoka kampando n'kukhala moyang'anana naye.

"Unayamba liti?"

Anafotokoza ali chiweramire. Mnzake wa kufakitale ndiye anamupatsa, kuti athe kugwira ntchito osagona. Tsiku loyamba anadziona ngati ali ndi manja khumi. Kenako kamodzi pamlungu sikanakwanire, kenako kamodzi patsiku. Ntchito anamuchotsa milungu itatu yapitayo, atamasula makina abwinobwino. Njinga yake ndi theka la zida zake anagulitsa.

"Panopa sindisuta kuti ndisangalale, Kasingano. Ndimasuta kuti ndithe kudzuka. Ndikapanda kutero chilichonse chimazima. Chakudya sichikoma, nyimbo sizikoma. Ngakhale nkhope yako ndimangoiona ngati khoma."

Mawu omalizawo anamulasa, koma anawameza.

"Mauthenga aja a m'mawa, unkalemba ndiwe kapena ichi?"

"Sindikudziwa."

Bodza silikanapweteka ngati yankho limenelo.

"Ndibwezeretsa makina ako," anatero Kamphindi mwadzidzidzi. "Kamphindi chabe."

Anatola sikuludiraiva. Anayesa kumanga. Kasikuluwu kanagwa, anakatola, kanagwanso. Anatenga kachitsulo kena n'kukatembenuza uku ndi uku, osakumbuka malo ake. Munthu yemwe uja ankamva vuto la makina atatsinzina! Achemwali anatembenukira kukhoma. Pomaliza anaika chidacho pansi n'kuyamba kulira ngati mwana.

"Usawauze amayi, chonde. Ukwati usaimitse. Ndikangokukwatira ndisiya, ndikulumbira. Sutiyo ingobwezanso pang'ono, palibe adzadziwe."

Apa m'pamene Kasingano anaona bwinobwino zomwe manja ake akhala akuchita. Nthawi iliyonse munthuyu akachepa, iye ankachepetsa nsalu kuti zioneke ngati zonse zili bwino.

"Sindibwezanso," anatero. "Ndabweza katatu, ndipo katatu konse ndakuthandizani kubisala. Imirirani, tikupita kwa amayi anu."

Kamphindi anadzutsa mutu. Chaka chathunthu anali "iwe". Ulemu umenewu unamuwawa kuposa mbama.

"Wandisiya?"

"Ndikadakusiyani ndikadakuuzani kuti mutuluke. Ndati imirirani."

Amayi ake anawapeza akuchapa kuseri kwa nyumba. Anamvetsera zonse manja ali m'madzi. Atamva anapukuta manjawo pang'onopang'ono.

"Ndinkaona wailesi yasowa, kenako mbaula, ndinkati ndi akuba," anatero, n'kutembenukira kwa Kasingano. "Mwana wanga, wandiuza zoona pomwe ukanatha kungothawa. Zikomo."

Kasingano anavula mphete n'kuiika m'dzanja lonyowalo.

"Mundisungire, amayi. Sindikuitaya, koma sindingaivale lero. Amene anandiveka sindikumuona."

M'mawa mwake Kasingano ndi amayiwo anamuperekeza onse awiri kuchipatala chothandiza anthu ofuna kusiya mankhwala ozunguza bongo, wina mbali iyi, wina mbali inayo. Kawiri konse panjira anafuna kubwerera. Kachiwiriko anawatukwana, mawu oti Kasingano sanaganizepo kuti angatuluke pakamwa pomwe panatuluka "duwa langa". Sanamusiye mkono.

Mlangizi wa kumeneko, mayi wa imvi ndi magalasi, sanawanyengerere.

"Milungu yoyamba azingogona ndi kukwiya. Chisangalalo chimachedwa kubwerera, nthawi zina miyezi yambiri. Ambiri amagwa n'kuyambiranso. Sindingakulonjezeni tsiku, chemwali. Inu mumuyendere, koma musamusenzere. Ulendowu ndi wake."

Pakhomo la wodi Kamphindi anatembenuka. Malaya ankamupepheruka m'thupi.

"Udzandidikira?"

Mtima unkafuna kunena kuti inde, mpaka kalekale. Koma malonjezo okoma anali atawamva okwanira.

"Loweruka ndibwera. Zimenezo ndiye ndingalonjeze."

Anagwedeza mutu, n'kulowa yekha.

Zidutswa za makina anazilongedza m'katoni, chilichonse m'kapepala kake, ndipo mmisiri wina anati adzaziona mlungu wamawa. Suti anaipinda n'kuiika pansi pa kabati. Achemwali anamuuza kuti apume masiku awiri, iye anakana.

Lachisanu m'mawa foni inalira. Unali uthenga wa amayi aja.

"Ndangochokako kumene. Wagona masiku awiri. Atadzuka wadya mbale yonse, wapemphanso ina. Sanalankhule zambiri. Wangofunsa ngati Loweruka ndi mawa."

Kasingano anawerenga kamodzi, n'kuika foniyo chafufumimba pathebulo. Achemwali ankanamizira kufunafuna choko.

"Odi, atelala!" Pakhomo panaima mayi wonyamula siketi ya yunifolomu. "Mpendero wasosoka, mwana akufuna kuvala Lolemba. Koma ndamva kuti makina anu afa?"

"Afa makina, mayi, manja alipo. Khalani apo."

Anasankha ulusi wabuluu, anaunyowetsa kunsonga ndi mlomo, n'kuulowetsa pasingano. Kenako anayala siketiyo pamwendo n'kuyamba kusoka.