Chitenje cha M'beseni

Belita anali kuseri kwa nkhokwe akuyesa siketi yake yatsopano pamene anamva amayi ake aakulu, a Phoebe, akumuitana ndi mawu achilendo. Siketiyo inali isanathe. Mpendero unali wopinda theka, singano ndi ulusi zikadali zobaya pomwepo. Anangovala diresi lake lasukulu pamwamba n'kuthamangira kunyumba.

Anapeza amayi ake atagwada pakhonde, atakumbatira mzati. Matenda anali atayamba, pomwe mwezi wawo wochira unali ukadali kutsogolo. Bambo anali ku Chilwa kopikula matemba. A Phoebe anali ataitana kale amalume a Sitima ndi njinga, ndipo anamusenzetsa Belita beseni la kuchipatala osalivundukula n'komwe.

Beseni limenelo amayi ake analikonza kalekale monga anawauzira kusikelo: pepala lapulasitiki, lezala latsopano ndi zitenje. Atagulitsa mpendadzuwa anagula zitenje zitatu, ndipo chamaluwa obiriwira anati n'cha mwana. Chimenecho ndicho chinali m'chiuno mwa Belita.

Sitinganene kuti anali mwana wakuba. Natasha, mwana wa alangizi a zaulimi ochokera ku Zomba, anali ndi siketi yogwira m'chiuno, yotambasuka m'munsi, imene Belita ankailota. Tsiku lina Natasha anamulola kuiyala papepala la thumba la simenti n'kulemba m'mbali mwake ndi khala. Pateniyo inakhala pansi pa mphasa miyezi yambiri ikusowa nsalu. Tsono Belita anadziuza kuti mwana akadali kutali, nandolo akauma amayi adzagula china, nkhani n'kutha. Anadula.

Panjira ya ku Chiringa chiperoni chinatsika kuchokera kuphiri la Michesi. Amalume ankakankha njinga m'matope, a Phoebe atawafunditsa odwalawo nsalu yawo yomwe. Pofika pachipatala aliyense anali atanyowa.

Mwana anabadwa masana, wamkazi, wochepa ngati mkono wa Belita. Analira pang'ono chabe. Zitenje ziwiri zija zinagwira ntchito pobereka ndipo sizikanathekanso kufunditsa munthu. Namwino anafotokoza kuti pamalopo panalibe makina otenthetsera ana. Chimene chikanamupulumutsa khandayo chinali kumumangirira pachifuwa cha mayi ake, khungu kukhudza khungu, ndi chitenje chouma chotalika, ndipo asazizidwe ngakhale pang'ono.

A Phoebe anakhuthula beseni pansi. Anakutumula pepala lapulasitiki, anasuzumiranso m'beseni lopanda kanthulo.

"Zinali zitatu," anatero amayi a Belita ali gone. "Ndinapinda ndekha."

Mayi wina wapabedi loyandikana anabwereketsa nsalu yake youma, koma ananeneratu kuti amutulutsa kale m'chipatala ndipo akufuna kuberekera wake mwana. Mwamuna wake anali panja ndi njinga, akuwopa kuti mtsinje wa kwawo udzaza asanawoloke. Amalume a Sitima anati athamangire kumudzi, koma a Phoebe anawakumbutsa kuti nsalu zonse zili pachingwe, pamvula.

Belita anayang'ana kakhandako. Zala zake zinali zopyapyala ngati udzu, milomo yotuwa. Kenaka Belita anangogwira diresi lake n'kulikweza mpaka m'chiuno. Maluwa obiriwira aja anaonekera, ouma bwinobwino.

A Phoebe anaiyang'ana siketiyo nthawi yaitali.

"Ndiye unkati upite nayo kuti, mayi? Ku Joni?" anafunsa motsitsa mawu. "Vula."

Namwino anaitambasula n'kupukusa mutu. Momwe inalili sikanazungulira munthu wamkulu ndi mwana n'kumangika kumsana. Belita anati aimasula, alumikize chakutsogolo ndi chakumbuyo motalika. Anapempha lezala kwa namwino n'kukakhala pakhonde pamene panali kuwala.

Misoko ija anaisoka monyadira, timisoko tating'onoting'ono tothinana, kuti Natasha asadzaseke. Tsopano iyo yomwe inkamukaniza. Ankadula umodziumodzi, mpaka lezala linamucheka chala. Anayamwa magaziwo kuti asadonthere pansalu. Atasolola lastiki wa m'chiuno, belu la njinga linalira kumpanda.

Anasiya nsaluyo, nathamangira pamvula n'kukagwada pamaso pa bambo wachilendoyo.

"Bambo, chonde, dikirani ndimalize msoko umodzi wokha."

"Mtsinje sudziwa za misoko, mwana iwe," anatero bamboyo. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana chala chotuluka magazicho. Kenaka anatsamiritsa njinga yake pamtengo n'kuyatsa fodya.

Belita analumikiza zidutswa ziwirizo, akubwereza msoko kawiri kuti usadzaphwasuke mwana ali pomwepo. Ulusi wapasingano utatha anagwiritsa ntchito umene anausolola kumpendero. Atamaliza analowa nayo nsaluyo mothamanga. A Phoebe anaizunguliza pa mng'ono wawo, anakoka, anakokanso. Nsonga zake zinangokhudzana kumsana, zosatheka kumanga mfundo.

"Zotsalira podula zili kuti?" anafunsa namwino.

Belita anayankha akuyang'ana pansi kuti anazitaya m'chimbudzi, kuti amayi asazione.

Panja belu linaliranso. Mayi wobwereketsa uja anali ataima kale pakhomo, thumba lake lili m'manja, wosafuna kuumiriza koma wosathanso kukhala. Belita anazungulirazungulira ndi maso m'chipindamo, osaona kanthu. Ndipo manja ake anagwira lamba wa diresi lake lasukulu, uja womanga kumbuyo. Diresilo linali limodzi lomwelo, ndipo aphunzitsi ankabweza aliyense wobwera wopanda lamba. Anaudula mbali zonse ziwiri, nasokerera chidutswa chilichonse kunsonga ya nsalu.

Ulendo uno mfundo inamangika. Namwino anasolola nsalu yobwereka ija pang'onopang'ono kuti mphepo isalowe, n'kuipereka kwa mwini wake. Analowetsa dzanja kugwira mapazi a mwana, anadikira, kenaka anagwedeza mutu kuti akutentha.

Amayi a Belita anasisita nsaluyo mpaka chala chawo chinapeza msoko wokhuthala uja, umene unadutsa pakati penipeni pa maluwa. Unali m'kati, wogundana ndi msana wa khandalo. Anauza a Phoebe kuti amasule n'kuitembenuza.

A Phoebe anati ikatembenuzidwa zioneka zamanyazi, aliyense wobwera kudzaona mwana azifunsa chimene chinachitikira chitenje chatsopano.

"Azifunsa," anatero amayiwo, osakweza mawu. "Msoko ukhale kunja. Mwanayu sanalakwe kanthu kuti umukande."

Kenaka anamuyang'ana Belita koyamba chifikireni pachipatalapo.

"Akafunsa, uziwayankha ndiwe."

Belita anavomera ndi mutu. Anagwira mutu wa mng'ono wakeyo ndi manja onse awiri, kuti asagwedezeke pamene ankaitembenuza nsaluyo.