Zala za Wina pa Dzina la Kaputeni

Lachiwiri cha m'ma 3 koloko masana, wapolisi wofufuza milandu, Marisela Quintero, anafika panyumba ina ku Dallas, mmene munkakhala anyamata asanu a timu ya masewera a pakompyuta. Mphunzitsi wawo, Gideon Pruitt, anali thapsa m'galaja, atamenyedwa ndi chitsulo kunkhongo. Dokotala anati anafa cha m'ma 1 koloko.

Pa nthawiyo anyamata atatu anali atapita kukadya. Pakhomo panatsala awiri: kaputeni Dashiell, wa zaka 26, ndi Anselm, wa zaka 19. Kompyuta inasonyeza kuti Dashiell ankasewera osapuma kuyambira 12:40 mpaka 1:35. Pa dzina la Anselm panalibe kanthu, komanso m'mawa mwake anamveka akukangana ndi malemuyo. Apolisi anatsekera Anselm m'chitolokosi.

"Unali kuti, mwana wanga?" Marisela anafunsa Anselm kupolisi.

"M'chipinda mwanga, mayi."

"Ukutani?"

Anselm anangoyang'ana zala zake.

"Ukudziwa kuti ungakalambire m'ndende?"



Marisela anali atagwira ntchitoyi zaka 24, ndipo mtima wake unakana kuti wakupha ndi Anselm. Lachitatu 9 koloko m'mawa anabwerera kunyumba kuja n'kupempha Lorcan, mmodzi mwa atatu aja, kuti amuonetse kanema wa masewera a Dashiell. Lorcan anangoonera pang'ono n'kuphulika nako kuseka.

"Wakunamizani ndani, mayi? Dashiell, nkhalamba yathu ija, amayenda ngati ikuperekeza maliro. Wodumphadumpha ngati chule asanaombereyu ndi Anselm!"

"Nanga bwanji Anselm sananene?"

Kuseka kunatha. "Kusewera pa dzina la mnzako? Akakugwira amakuthamangitsa mu ligi mpaka kalekale."

Marisela atabwerera kupolisi n'kumuuza zimene waona, Anselm anagwetsa misozi.

"Dashiell anandipempha kuti ndimusewerere, akuti dzanja likumupweteka ndipo akutsika pamndandanda wa osewera. Ndi kaputeni wanga, ndikanakana bwanji?"

"Ndiye unasankha ndende kuopa kusiya masewera?"

"Ndinkati choonadi mupeza nokha."

Pofika 11 koloko Dashiell anali atakhala pampando wofunsidwira mafunso kupolisi. Marisela anamuikira kanema uja. Mnyamatayo anaonera akusisita dzanja lake lamanja.

"Amadumpha kwambiri," anatero motsitsa. "Ndakhala ndikumuuza."

"Unali kuti 1 koloko, Dashiell?"

"M'galaja. Dzanjali latha, mayi. Gideon yekha ndiye ankadziwa, ndipo anati madzulo ake akauza eni timu kuti andichotse. Ndinayamba ndili ndi zaka 12. Ntchito ina sindiidziwa. Ndinagwada, iye anangotembenuka."

"Nanga mnzako unamuikiranji pakompyuta?"

"Ndinkadziwa kuti sanganene."

Dzuwa lili paliwombo, Marisela anatsegula yekha chitseko cha chitolokosi cha Anselm n'kumubwezera foni ndi zingwe za nsapato. Mnyamatayo anaima pakhomo, akuphethira.

"Kodi andichotsa mu ligi?"

"Mwina. Ndiwalembera kalata, ndiwauze zonse mmene zinayendera. Koma lero ukagona pabedi lako. Imbira mayi ako, akhala akutisowetsa mtendere kuyambira dzulo."

Anselm anaimba. Marisela atamva mfuu ya mayi uja ikutuluka m'foni, anakhala pabenchi, anavula nsapato, n'kuusa moyo.