Belu la Pabedi la Haji Fawzi

Kompyuta ya m'chipatala china ku Tanta, m'dziko la Egypt, inkaonetsa kuti nesi Nagwa anatulutsa jakisoni woletsa ululu m'kabati, m'dzina la wodwala wina, Haji Fawzi, nthawi ili 11:40 usiku wa Lachinayi. Kompyuta yomweyo inkaonetsanso kuti Haji anamwalira 11:15.

Pofika Loweruka nkhani inali m'kamwam'kamwa. Ena ankanong'ona kuti Nagwa amaba mankhwala m'maina a akufa. Okolopa, omwe sasowa chokamba, ankati mtembowo ndiwo unabuula kupempha jakisoni, ndipo pabedi la malemuyo ankadutsa chothamanga. Bedilo linali lopanda munthu, koma magetsi akazima chitsulo chake chinkamveka kuti kwee, kwee, ngati wina akutembenuka mumdima.

"Sayina kuti unalakwa, mwana wanga, uchoke mwakachetechete," anatero Abla Soheir, mkulu wa manesi. "Ukakana, nkhaniyi ipita kupolisi."

"Sindisayina, Abla. Powabaya jakisoniyo, dzanja la Haji linali lofunda. Anandifunsa ngati mwana wawo wafika kuchokera ku Port Said. Wakufa amafunsa za mwana?"

"Makina sanama."

"Ndiye wabodza ndine? Aitaneni apolisiwo, andipeza pompano."

Mantha anali nawo, n'kubisiranji, koma usiku uliwonse ankabwerabe kuntchito, anzake akumulambalala.

Usiku wina Ramez, wosamalira makompyuta, anamuitanira m'kachipinda kake kozizira, momwe munkangomveka kung'ung'udza kwa makina.

"Lachinayi lija ndi lomwe tinabweza mawotchi ndi ola limodzi, monga timachitira chaka chilichonse polowa nyengo yozizira," ananong'ona. "Itakwana 12, inakhalanso 11. Ola limodzi linabwera kawiri, koma makinawa salemba kuti loyamba ndi liti. Ndalondola mmene mizere inkalowera m'kompyuta motsatizana. Jakisoni wanu ali m'ola loyamba, imfa ili m'lachiwiri. Mulibe mlandu."

Nagwa anapumira m'mwamba. Ramez sanamwetulire.

"Pali mzere wina. Belu la pabedi lija linalira 11:50, m'ola lachiwiri, mtembo utapita kale kumotchale. Akauona adzati zonsezi n'zosokonekera, ndipo umboni wanu uthera pomwepo. Ndiufufute?"

Nagwa anauyang'ana mzerewo nthawi yaitali.

"Usiyeni. Ndakana bodza la Abla, ndiye ndivomere lanu? Sindikizani zonse, ndikawapatsa Abla ndekha."

Anaimirira n'kukonza mpango wake kumutu. Atafika pakhomo anacheuka.

"Belulo ndinalimva, Ramez. Ndinapitako, ndinakawauza Haji kuti mwana wawo ali m'njira."