Nsomba za Papa Lukusa

Mama Ngalula ankaanula zovala pachingwe dzuwa likulowa, pamene fungo la nsomba yokazinga linalowa mumpanda mwathu ku Masina. Anaima chilili, chitenje chili m'manja. Fungolo tonse tinkalidziwa, koma mwini wake anali m'manda.

Paja Papa Lukusa, wa mumpanda mwathu momwemo, ankakankha chikuku cha katundu kudoko la mtsinje. Analibe mkazi, analibe mwana, koma tsiku la malipiro ankafika ndi nsomba zokulunga m'nyuzipepala, khomo lililonse phukusi lake, ana n'kuwawonjezera kwanga, nsima ya chinangwa yokulunga m'masamba. Tinkadya mpaka kunyambita zala. Ndiye mwana wa Mama Ngalula atamwalira mwadzidzidzi, thovu lili kukamwa, miseche inayamba pampopi.

"Mayi mnzanga, munthu wosauka angamangopatsa chonchi?" anatero Mama Ngalula. "Akutinenepetsa ameneyu."

"Nanga n'chifukwa chiyani sakwatira?" anayankha Mama Tshibola. "Mkazi angaone zimene amachita."

Tinagamula kuti iye ndiye mfiti yodya mwanayo, n'kumutayira mphasa ndi mapoto kumsewu. Sanakane mlandu. Anangofunsa kuti, "Alongo anga, anawa azidya chiyani mwezi ukatha?" Anakagona kudoko, pamvula, ndipo chifuwa chinamutenga. Anamuika anzake a zikuku. Ife sitinapite.

Maliro ake asanaiwalike, khanda la Mama Tshibola linamwaliranso, thovu lomwe lija. Pampopi panalibenso woyang'ana mnzake kumaso.

Ndiye tsopano mwezi watha, fungo lija labwera. Chipata chinali chotseka, koma tinamva tayala la chikuku likulira kwii, kwii, kuzungulira mpanda, n'kumaima pakhomo lililonse. Litasiya, aliyense anapeza phukusi lotentha, mafuta akuwonekera papepala. Dziwani kuti nthawi imeneyo amuna athu ankangobwera chimanjamanja, mabwana akuti malipiro dikirani, ndipo ana ankagonera madzi a shuga.

"Musakhudze," ananong'ona Mama Ngalula. "Wabwera kudzabwezera."

"Tikataye kuchimbudzi," anatero Mama Tshibola, koma maso ali paphukusi.

Tinagwirizana zotaya. Aliyense analowa nalo lake m'nyumba, ati kuti agalu asamwaze, akataya mawa. Zitseko zinatsekedwa msangamsanga.

M'mawa ndinapita kudzala ndi phulusa, poti ine chinthu sichindidutsa. Ndinapeza minga ya nsomba mbwee, yoyera, yopsopsonedwa mpaka mitu. Yanga ndinali nditaibisa pansi pa phulusalo. Ndikutembenuka, Mama Ngalula ali kumbuyo kwanga, dzanja lafumbata.

"Mwadzuka bwanji, mayi mnzanga?" ndinafunsa.

"Tadzuka tonse," anatero. "Ana omwe. Akhuta." Anafumbatula dzanja, minga n'kugwa. "Tsabola wake ndi yemwe uja." Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kulira maliro amene sanapite.

Yemwe anadya ana awiri aja sitikumudziwa mpaka lero, ndipo mwina timatunga naye madzi. Koma mwezi ukamatha, palibe amene amatseka chipata. Timakhala m'nyumba phee, kumvetsera tayala lija, ndipo palibe amene analimba mtima kutuluka kukanena zikomo.