Masekondi Atatu a Belu la Kezia

Mvula inayamba m'mamawa tsiku limenelo, mvula yopanda mabingu koma yonyowetsa mpaka m'mafupa. Unali mwezi wa Januwale, chaka cha 1995. Pa siteji ya pa Dowa Boma anthu anali atapanikizana pakhonde la golosale, kudikira matola a ku Nachisaka.

Pakati pawo panali Elifala Chagunda, mphunzitsi wa sayansi pa kasukulu ka sekondale ka kumudzi, kopanda labu, kopanda magetsi. Anali atakumbatira kabokosi kamatabwa kokulunga m'jekete yake, mwiniwake akunjenjemera m'shati yokha.

"Bambo, mwana wanuyo sakulira?" anafunsa mtsikana amene anaima pambali pake ndi dengu m'manja.

"Si mwana ayi."

"Nanga n'chiyani chovala jekete bambo ake akuzizidwa?"

"Mayikulosikopu. Ndabwereka. Masabata awiri okha."

"Imadya chiyani?"

Elifala anasuzumira m'dengu muja.

"Anyezi," anatero.

Mtsikanayo anaseka mpaka anthu onse kucheuka. Koma Elifala sankaseka. Mvula itakata, dzuwa litasuzumira, anapempha anyezi mmodzi. Anasenda kakhungu kopyapyala, nakaika pa kagalasi ndi dontho la madzi a mvula, kenako anatembenuzira kalilole wa makinawo kudzuwa.

"Tsinzinani diso limodzi. Onani."

"Mayo ine! Njerwa! Khoma lanjerwa m'kati mwa anyezi!"

"Amenewo ndi maselo. Chamoyo chilichonse chinamangidwa ndi tizipinda timeneti. Inunso."

"Nanga kadontho kali pakatika?"

"Nyukiliyasi. Kakachoka kameneko, selo lafa."

Mtsikanayo sanafune kuchotsa diso lake. Matola oyamba anawasiya onse awiri.

Dzina lake anali Kezia. Makolo ake anali matenanti ochokera ku Phalombe, olima fodya pa esiteti ina ya mbali ya Ntchisi. Chiyambireni sukulu yaulere ana anali atasefukira, ndipo Kezia, pokhala ndi JC, ankathandizira kuphunzitsa Sitandade 1 pansi pa mtengo. Sukulu yakeyo inali paphiri loyang'anizana ndi sukulu ya Elifala, kumpoto. Pakati pawo panali chigwa chakuya ndi kamtsinje.

"Ndikufuna kudzalemba mayeso a Folomu 4," anatero Kezia pa matola achiwiri. "Koma sayansi imandiopsa."

"Gulani kope. Loweruka lililonse muzindipatsa pamsika."

Loweruka lililonse kope lija linkasinthana manja pafupi ndi ogulitsa tomato. Kezia ankayankha mafunso, Elifala n'kuchonga ndi bolopeni yofiira. Koma pofika mu Malichi, m'mphepete mwa masamba munayamba kumera zina zosakhala pa silabasi.

"Maatomu sapuma, Kezia. Ngakhale a m'mwala amanjenjemera. Ndikakuona, anga amathamanga ngati a madzi owira."

Loweruka lotsatira yankho linabwera ndi pensulo:

"Aphunzitsi, samalani mungasanduke nthunzi. Ndani adzandichongera?"

Tsiku lina Elifala analemba mawu ochepa okha:

"Iwe ndiwe kadontho kapakati kaja. Ukachoka, ine ndatha."

Pansi pake Kezia anayankha kuti: "Sindichoka, wanga. Inu musandisiye."

Ndani akanaganiza kuti munthu wosalankhula ngati Elifala angalembe zotere?

Nkhani ya belu inayamba ngati phunziro chabe. Masukulu onse awiri belu lawo linali limu yakale ya tayala la lole, yopachika pamtengo. Elifala anafuna kusonyeza ana a Folomu 2 kuti mawu amatenga nthawi poyenda, ndiye anapangana ndi Kezia. Lachiwiri masana anatulutsa kalasi yonse n'kuiimika pamphepete pa phiri.

Kutsidya, kakang'ono ngati nyerere, Kezia anakweza chitsulo chomangidwa nsalu yoyera. Nsalu inatsika. Kunali zii!

"Wani... thuu... firii..." anawerenga Elifala, maso pa wotchi.

Ngwee!

Ana anakuwa. Ena anadumpha, ena kugwirana mapewa.

"Maso aona kale, makutu akudikira!" anafuula Elifala, mawu ake atakwera kuposa masiku onse. "Kuwala kumafika nthawi yomweyo. Mawu amayenda mumpweya, mamita mazana atatu ndi makumi atatu pa sekondi. Ndiye kuchokera pano kufika pa mtengo uwo ndi mtunda wotani?"

"Pafupifupi kilomita imodzi, sala!"

Popanda chingwe, popanda labu, ana a alimi anayeza chigwa chonse ndi makutu awo! Elifala anabwerera m'kalasi chifuwa chili patsogolo.

Kuyambira tsiku limenelo, ana akaweruka, Kezia ankaliza belu katatu. Elifala ankayankha katatu. Panalibe wina wodziwa tanthauzo lake kupatula Benjamini, mphunzitsi wa Chingerezi, amene ankagona nyumba imodzi ndi Elifala.

"Achimwene, anzathu amalemberana makalata, inu mukuvutitsa zitsulo za boma," ankatero Benjamini. "Mukadzakwatirana muzidzaitanana ndi limu kuchipinda?"

M'kope muja Kezia anafunsa kuti: "Nanga mphepo ikamawomba, mawu amatani?"

Elifala anajambula timivi, nalemba kuti: "Mphepo ikamachokera kwa woliza, mawu amafika bwino. Ikamachokera kwa womvera, imawakankhira m'mwamba, ndipo amatha kusafika konse."

Kumayambiriro kwa Juni, fodya atapita ku okushoni, Kezia anabwera pamsika nkhope ili yakugwa.

"Bambo akuti chaka chino sitikhalanso. Mwezi ukatha tikwera lole ya esiteti kubwerera kwathu."

"Iwe utsale."

"Nditsale ngati ndani? Akuti mwana wamkazi sangamusiye kuchilendo popanda ankhoswe. Amalume anu abwera liti, Elifala?"

"Dikira mayeso a ana athe."

"Lole sidikira mayeso!"

Elifala anayang'ana kumbali. Sikuti sankafuna. Koma iye sankakonda kukankhidwa, ngakhale ndi munthu amene ankamukonda. Kezia anatenga kope lake n'kutembenuka. Patapita kanthawi, Elifala anamuona atakwera kumbuyo kwa njinga yamoto ya Moffat, kapitawo wa pa esiteti, akulowera njira ya kutsidya.

Lolemba mwera unayamba, mphepo yozizira ija yochokera kum'mwera. Nkhungu inatsika m'mapiri n'kudzaza chigwa chonse, moti phiri la kutsidya silinkaonekanso. Ana ataweruka, Elifala anaima pansi pa mtengo wa belu, chitsulo m'manja. Nthawi zonse woyamba kuliza ankakhala Kezia. Anadikira.

Zii.

Lachiwiri, zii. Lachitatu, zii.

Ndiye wasankha njinga yamoto? Malonjezo onse aja anali a pensulo basi, ofufutika?

"Lizani inuyo kaye," anatero Benjamini.

"Woyamba ndi iye."

"Ndiye pitani. Madzi achepa mumtsinje, ngakhale nkhuku ikuwoloka."

"Sindinakanganepo ndi munthu ine. Akandifuna, belu ali nalo."

Loweruka sanapite kumsika. Loweruka linalo sanapitenso. Ankaphunzitsa, kuchonga, kudya pang'ono, kugona. Belu ankaliza la nthawi ya sukulu lokha: lolowera, la buleki, lowerukira. Katatu kaja ayi.

Masabata atatu anatha.

Lachinayi lina Benjamini anapita kumaliro kutsidya. Lachisanu m'mawa anatulukira pakhomo la Folomu 2, nsapato zili mbuu ndi fumbi, napeza Elifala akubwereza phunziro la mawu pokonzekera mayeso. Anamukodola kuti atuluke.

"Achimwene, ndinu mphunzitsi wa sayansi kapena wa zaluso?"

"Bwanji?"

"Dzulo masana ndinali pafupi ndi sukulu ija. Ana ataweruka, mlamu wanga anatuluka, anamenya limu katatu mpaka makutu anga kulira. Kenako anaima n'kumayang'ana kuno. Azimayi a pamenepo akuti amatero tsiku lililonse. Ena ayamba kunena kuti mutu wake sukuyenda bwino."

"Bodza! Ine ndimaima pamtengopo tsiku lililonse. Sindinamvepo kanthu!"

"Ine za maatomu sindidziwa. Koma kolala ya shati yanuyo ikuulukira kuti?"

Elifala anayang'ana. Mphepo inkamuwomba kumsana. Inkadutsa pa iye, kuwoloka chigwa, kupita kwa Kezia. Anatembenuka n'kuona bolodi kudzera pakhomo. Timivi take tomwe tinali pamenepo, choko chisanachoke n'komwe m'zala zake.

Mayo! Masabata atatu!

"Lole ikunyamuka lero," anatero Benjamini. "Si inu mumauza ana kuti mwala susuntha pokhapokha china chiukankhe? Ndakukankhani. Kalasi ndikuonerani ine."

Elifala anatsetsereka phiri lija osayang'ana poponda. Anawoloka kamtsinje ndi nsapato zomwe. Mtunda umene mawu ankaudutsa pa masekondi atatu unamutengera theka la ola.

Lole inali itaima kutsogolo kwa zigafa zopanda fodya. Matenanti ankakweza mphasa, mapoto, nkhuku zomanga miyendo. Kezia anali ataima pambali, mpango kumutu, kope lija m'khwapa.

"Kezia!"

Kezia anamuyang'ana kuyambira kunsapato zonyowa mpaka kumutu.

"Mwasochera, aphunzitsi? Sukulu yanu ili uko."

"Sindimamva, mtima wanga! Ndikulumbira, sindimamva! Mphepo..."

"Ndikudziwa. Mwera ukuchokera kwanu kubwera kuno. Mawu a belu langa umawakankhira m'mwamba. Zili m'kope muno, tsamba 14. Munajambula nokha."

"Umadziwa?"

"Kuyambira tsiku lachiwiri."

"Nanga bwanji sunabwere kudzandiuza?"

"Ine? Ndikwere phiri kukagogoda kwa mwamuna amene akukanika kutumiza amalume ake? Ndine mwana wa tenanti, inde, koma manyazi ndili nawo." Mutu sanaweramitse. "Ndimati munthu wanzeru ngati ameneyu azindikira mawa. Mawa n'kufika, ndimati mawa linalo. Ndipo mukudziwa chimene chimandipweteka? Belu lanu ine ndimalimva bwino lomwe, ngati lili pakhomo pathu. Lolowera ndimalimva. La buleki ndimalimva. Lowerukira ndimalimva. Kenako ndimaima kudikira katatu kanga. Mukanangomenya kamodzi kokha, Elifala! Kamodzi!"



"Ndinakuona pa njinga ya Moffat," anatero Elifala motsitsa.

"Ndinali ndi thumba la ufa lochokera kuchigayo! Mumafuna ndilisenze mpaka kuno kuti inu mtima ukhale m'malo? A Moffat ali ndi akazi awiri, ndipo onse amawathawa kununkha petulo."

Amayi ena amene ankakweza mtondo anaseka. Kezia sanaseke. Misozi inali itafika m'masaya, iye osaipukuta.

"Tsala, Kezia. Chonde. Mawa lomwe ndipita kwa amalume."

"Mawa. Mawu anu okondedwa amenewo."

Bambo ake a Kezia, a Namakhwa, anamaliza kumanga mtolo wawo, nabwera pang'onopang'ono. Elifala anagwira manja awiri powapatsa moni.

"Ndinu aphunzitsi a belu aja?"

"Ndine, bambo."

"Mwana wangayu manja anatupa ndi chitsulo." Analoza lole ija. "Ife tikupita. Kwathu ndi ku Phalombe, kuseri kwa phiri la Michesi. Mukafunsa kwa Namakhwa, aliyense akulozerani. Amalume ake a mwanayu ali moyo, ndipo makutu awo ndi abwinobwino."

Dalaivala analiza hutala. Kezia anasolola kope lija n'kuliika m'manja mwa Elifala.

"Ndamaliza mafunso onse. Muchonge."

Anakwera osagwira dzanja la munthu. Lole inanyamuka, ndipo fumbi lake mwera unalitengera kumpoto. Kezia sanabayibitse. Anangokhala chowongoka pamwamba pa mitolo, akumuyang'ana mpaka pokhota.

Elifala anakhala pa chitsa natsegula kope. Maselo, maatomu, liwiro, mawu: mafunso makumi anayi, ndipo sanapeze cholakwa ngakhale chimodzi. Masabata atatu a misozi, mtsikanayu osaphonya ndi funso limodzi lomwe! Mtima unkamuwawa, komabe chifuwa chinadzaza monga tsiku lija ana anayeza chigwa. Ndani wina m'mapiri onsewa anali ndi wophunzira wotere? Ndani wina anakondedwapo ndi mkazi wotere?

Patsamba lomaliza panali funso limene iye sanapereke, lolembedwa ndi pensulo:

"Funso 41. Munthu akaliza belu ku Nachisaka, mawu ake adzatenga nthawi yaitali bwanji kuti afike ku Phalombe?"

Pansi pake panali yankho, lodulidwa mzere kawiri:

"Safika. Munthuyo amabwera yekha."

Elifala anatulutsa bolopeni yofiira m'thumba la shati, nachonga.

M'mawa mwake anapempha masiku anayi kwa ahedi, anapita ku Chisepo kukatenga amalume ake, ndipo Lolemba awiriwo anakwera basi ya ku Blantyre, ulendo wa ku Phalombe.